MBIRI YA MOYO WA DOTOLO ROBERT LAWS WA KU KHONDOWE

Abale nonse amene mugwira nchito m'migodi ndi m'mapulazi, kutali ndi midzi ya makolo anu, lero tikuikirani pa tsamba lino mbiri ya Mzungu wa Misyoni amene anakhala zaka 52 m'dziko la Nyasaland, ndilo Malawi wa lero. Dzina lace ndiye Dotolo Robert Laws. Ambiri a inu simunakwereko phiri la Khondowe, ena muli a mipingo yina, ena ndinu Asilamu. Koma mbiri iyi ikhudza inu nonse, pakuti dzina limene anthu a ku Nyasa analandira ku Harare ndi ku Joni, lakuti ndiwo anthu odziwa pensulo ndi nyundo, linacokera kwakukuru ku masukulu a Misyoni, ndipo mwa iwo amene anamanga masukuluwo panalibe wina anakhalitsa monga munthu ameneyu. Iye anafuna kuphunzitsa ana a dziko kuti amange dziko lao. Anawaphunzitsadi; koma nzeruzo zinanka kumene iye sanazituma, nizicita zimene iye sanaziyembekeza.

UBWANA WACE

Robert Laws anabadwa pa 28 Meyi 1851 m'mzinda wa Aberdeen, m'dziko la Scotland. Atate wace anali mmisiri wa matabwa, wopanga mipando ndi makabati, munthu wopemphera koma wosalemera. Mwanayo atakula pang'ono anamlowetsa nchito yomweyo ya matabwa. Usana anali kupala matabwa, madzulo nanka ku sukulu ya usiku. Motero anadzikonzera yekha njira yolowera sukulu yaikuru ya yunivesite ya ku Aberdeen.

Akali mnyamata anawerenga za maulendo a Dotolo David Livingstone, ndi za anthu a mtundu wa Makololo amene anayenda naye, ndipo mtima wace unakhumba kunka kwa anthu amenewo. Cifukwa cace sanakhuta ndi maphunziro a mtundu umodzi. Anatsiriza maphunziro oyamba a yunivesite m'caka ca 1872, naphunziranso za udotolo, ndi za ubusa pamodzi. Kuti apeze ndarama za sukulu anagwira nchito m'mzinda wa Glasgow, kuceza ndi odwala nthomba m'zipatala zimene anthu ena anaopa kulowamo. Pofika caka ca 1875 anali dotolo, anali mbusa, analinso mmisiri; ndipo nchito zitatuzi anazigwira zonse kufikira ukalamba wace.

ULENDO WA SITIMA YA ILALA

Livingstone anamwalira m'caka ca 1873 kwa Chitambo, m'dziko la Ilala, ndipo mtembo wace unaikidwa ku London m'caka ca 1874. Pamenepo Dotolo James Stewart, mkuru wa sukulu ya Lovedale ku South Africa, anapempha Akristu a ku Scotland kuti akhazike Misyoni pa Nyanja ya Nyasa, ya kumkumbukira nayo Livingstone, ndi kuicha dzina lakuti Livingstonia. Anthu a cuma a ku Glasgow anasonkha ndarama, napangitsa sitima yaing'ono yacitsulo, yokhoza kumasulidwa zidutswazidutswa, naicha Ilala.

Mtsogoleri wa ulendowo anali E. D. Young, msilikari wa pamadzi amene anadziwa kale mtsinje wa Shire. Laws anali dotolo ndi mbusa wa gululo, ali ndi zaka 24 zokha. Anacoka ku London mu Meyi 1875. Atafika pa matsiriro a Zambezi analumikiza sitimayo, nakwera nayo Zambezi ndi Shire kufikira pa mathithi, pamene madzi agwa pa miyala ndipo combo ciri conse cilephera kupita.

Apa ndi pamene tiyenera kukumbukira makolo athu. Sitimayo inamasulidwanso, ndipo mafumu a Makololo, omwe aja Laws anawalota akali mwana, anasonkhanitsa amtengatenga mazanamazana. Anthu amenewa anasenza zitsulozo pamitu ndi pamapewa, m'dzuwa la cirimwe, pa njira ya miyala ndi minga ya masiku ambiri, ndipo mbiri inena kuti sipanatayike kanthu. Maina ao sanalembedwa m'buku liri lonse; koma popanda makosi ao Misyoni ya Livingstonia ikadathera pa mathithi pomwepo.

Kumtunda kwa mathithi analumikizanso sitimayo, napempha malo kwa Mfumu Mponda, ndipo m'mawa wa pa 12 Okutobala 1875 Ilala inalowa m'Nyanja ya Nyasa. Ndiyo sitima yoyamba ya moto kuyandama pa nyanjayo. Masiku amenewo zombo za Aluya zinali kuolotsa akapolo kucokera ku Nkhotakota kwa Jumbe ndi ku madooko ena, kunka nao ku nyanja ya mcere.

MANDA A KU CAPE MACLEAR

Anamanga mudzi wao woyamba pa Cape Maclear, cifukwa panali dooko labwino la sitima. Mu Malichi 1876 Laws anagonetsa mnyamata wina ndi mankhwala ochedwa chloroform, namcotsa cotupa pamwamba pa diso. Anthu anaona munthu atagona ngati wakufa, namdula osamva kuwawa, nadzukanso wamoyo. Ndipo mbiri ya dotoloyo inamveka m'midzi yakutali.

M'caka comweco ca 1876 Dotolo Stewart ananyamuka kudza ku Nyasa ndi anyamata anai a mtundu wa Amaxhosa ocokera ku Lovedale, ndiwo William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Zindikirani ici, inu okhala kumwera: asanayambe anthu a ku Nyasa kutsikira ku South Africa kukafuna nchito, ana a South Africa anayamba ndiwo kukwera ku Nyasa kukaphunzitsa. Atabwerera Young ndi Stewart, utsogoleri wonse unagwera Laws, asanakwane zaka 30.

Koma malo aja anali oipa. Midzi ya anthu inali yocepa, nthaka yosabala bwino, ndipo malungo anali oopsya. Nthawi imeneyo ngakhale madotolo sanadziwe kuti malungo adza ndi udzudzu. Anali kumwa kwinini ndi kuyembekeza. Dotolo William Black anamwalira m'caka ca 1877, Shadrach Mngunana namwaliranso caka comweco, ndi ena pambuyo pao. Laws mwini anagwa ndi malungo kawirikawiri, nadzuka, nagwanso. M'caka ca 1879 anakwatira Margaret Gray, mphunzitsi wa kwao ku Aberdeen, amene anamtsata ulendo wonsewo; ukwati wao unamangidwa ku Blantyre. Ana ao anamwalira ali makanda, koma mmodzi yekha, Amelia, wobadwa m'caka ca 1886, ndiye anakula.

Zitapita zaka zisanu ndi theka, cipatso cooneka ndi maso cinali munthu mmodzi. Dzina lace Albert Namalambe, amene anabatizidwa pa 27 Malichi 1881. Manda a anchito a Misyoni anali asanu, wobatizidwa mmodzi. Munthu wa mtima wapacala akadamanga akatundu ace ndi kubwerera kwao, ndipo palibe akadamdzudzula. Laws sanatero. Anasiya sukulu ya pa Cape Maclear m'manja mwa Namalambe, nasamutsa Misyoni kunka kumpoto, ku Bandawe, pakati pa Atonga.

PAKATI PA ATONGA NDI ANGONI

Ku Bandawe anapeza anthu ambiri, koma okhala ndi mantha. Atonga anali ataukira Angoni a Mfumu M'mbelwa, amene anakhala kumapiri, ndipo anali kukhala mothithikana m'malinga m'mbali mwa nyanja, kudikira nkhondo caka ndi caka. Mafumu a Atonga analandira Misyoni ndi manja awiri, poyesa kuti Azungu adzawachinjiriza ndi mfuti. Angoni naonso anafuna kuti Misyoni isiye Atonga, ikakhale kwao kumapiri.

Laws anakana kukhala mfumu ya nkhondo ya mbali iri yonse. Anakananso kukhala woweruza mirandu. M'zaka zoyamba a Misyoni, ku Blantyre ndi ku Cape Maclear komwe, anali kuweruza anthu okhala pa malo ao ndi kuwakwapula, ndipo za ku Blantyre zitamveka ku Scotland m'caka ca 1880 zinacititsa manyazi akuru. Ku Bandawe Laws anasiya mirandu m'manja mwa eni mudzi, iye nasamala sukulu, cipatala ndi Mau a Mulungu. Atonga ena anamuyesa wouma mtima cifukwa ca ici, makamaka pamene nkhondo inali pakhomo.

Amene anatsegula njira ya kwa Angoni ndiye William Koyi, pakuti cinenero cace cinafanana ndi cao, nadziwanso miyambo ya ulemu wa kwa mafumu. Iye anatsogolera Laws kwa M'mbelwa m'caka ca 1879, ndipo pambuyo pace anakhala ku Njuyu zaka zingapo, kupirira ziopsezo, osaloledwa ngakhale kutsegula sukulu. Dotolo Walter Elmslie anadza kudzathandizana naye m'caka ca 1885. Cilolezo ca masukulu cinaturuka m'caka ca 1886, ndipo caka comweco Koyi anamwalira, naikidwa ku Njuyu komweko. M'caka ca 1887, pamene nkhondo yaikuru inali pafupi kugwera Bandawe, Laws anakwera kumapiri, nakhala pa bwalo la M'mbelwa ndi nduna zace, ndipo nkhondoyo sinatsike.

Pakati pa zonsezi sanaleke nchito ya mabuku. Anatembenuza Cipangano Catsopano m'Cinyanja, nicisindikizidwa m'caka ca 1886. Ndipo m'caka ca 1894 anaturutsa buku la mau a Cingerezi ndi Cinyanja. Analandiranso ku Bandawe Mbusa A. C. Murray wa Mpingo wa Dutch Reformed m'caka ca 1888, amene pamodzi ndi Mbusa T. C. B. Vlok anakakhazika Misyoni ya Mvera m'dziko la Mfumu Chiwere m'caka ca 1889. Motero inu a ku Dowa, Lilongwe ndi Dedza, amene munaphunzira m'masukulu a Nkhoma, muli nayenso cibale munthu ameneyu.

Atonga anakonda sukulu koposa, ana nadzaza m'makalasi mazanamazana. Ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1880 anyamata a ku Bandawe anayamba kukwera sitima kunka ku Blantyre kukagwira nchito ya Kampani ya Mandala, a Misyoni nawathandiza kupeza nchitozo. Uwu ndiwo unali mutu wa njira yaitali imene inadzafika ku Limpopo ndi kupitirira.

MUDZI WA PAPHIRI

Bandawe nayenso anali malo a malungo, ndipo Laws anali ndi maganizo akuru oposa sukulu za m'midzi. Anafuna sukulu imodzi yaikuru, yosonkhanitsa ana anzeru a mitundu yonse, Atonga, Atumbuka, Angoni, Ankhonde, Acewa ndi ena. M'caka ca 1894 anayenda m'mapiri a kumpoto pamodzi ndi Yuriah Chirwa, Mtonga amene anakhala dzanja lace lamanja zaka zambiri, napeza cidikha ca Khondowe, pamwamba penipeni poyang'ana nyanja, pamalo pozizira, pa madzi ambiri. Pomwepo anakhazika Livingstonia watsopano. Sukuluyo inachedwa Overtoun Institution, kutengera dzina la Lord Overtoun, mwini cuma wa ku Scotland amene anapereka ndarama zambiri.

Pa phiri limenelo mmisiri uja wa ku Aberdeen anaonetsa mphamvu zace zonse. Anakumbitsa mseu wokwera kucokera kunyanja, wokhotakhota ngati kasanu kanai, umene unatha m'caka ca 1905, ndipo anthu auchula Gorodi. Anatengera madzi akumwa m'mipope kucokera kutali. M'caka ca 1905 anayatsa magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi a mtsinje, nthawi imene midzi yambiri ya ku Scotland komwe inali kuunikira nyali za mafuta. Nyumba yace yamiyala inamangidwa m'caka ca 1903, ndipo cipatala ca David Gordon Memorial cinatsegulidwa m'caka ca 1911. Njerwa zonse, miyala yonse ndi matabwa onse zinapita m'manja mwa anthu akuda, amene anaphunzira umisiri pa nchito yomweyo.

Maphunziro anali a mbali ziwiri. Mbali yina anaphunzitsa aphunzitsi, alaliki, abusa ndi othandiza madotolo, ndipo Cingerezi cinali cozama, pamodzi ndi masamu ndi mbiri ya maiko. Mbali yina anaphunzitsa kupala matabwa, kumanga nyumba, kusula zitsulo, kusindikiza mabuku, kulemba mabuku a sitoro, ndi kuchaya lamya. Wophunzira umisiri anali kumangidwa pangano la zaka zingapo. Laws anali munthu wa mau ocepa, wosaseka wamba, wowerengera kakobiri kali konse, wodana ndi ulesi ndi kucedwa. Ana a sukulu anamuopa koposa kumkonda. Koma atakula ambiri anabvomera kuti dzanja lolimba lija ndilo linawaongola.

KUMENE NZERU ZINAPITA

Tsono pano ndi pamene pagona nkhani. Laws anayembekeza kuti anyamata ace adzatsikira m'midzi, nadzamanga nyumba zabwino, nadzatsegula malonda, dziko nilidzakwera. Koma kumpoto kwa Nyasaland kunalibe njanje, kunalibe migodi, kunalibe misika yogula zimene mmisiri apanga. Boma la Angerezi, limene linakhazikika m'caka ca 1891, linaika msonkho wa nyumba, wofuna ndarama, ndipo ndarama m'midzi munalibe. Malipiro a mphunzitsi wa Misyoni anali ocepa. Munthu wodziwa Cingerezi ndi masamu anamva kuti ku Southern Rhodesia, ndiyo Zimbabwe wa lero, ndi ku migodi ya golidi ya Johannesburg, ndi ku migodi ya mkuwa ya Katanga, angathe kulandira pa mwezi umodzi zimene kwao akadalandira pa miyezi yambiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anamanga mtolo, napita.

Sanapite ophunzira okha ai. Anthu zikwi zambiri osadziwa kulemba anayenda pansi njira yomweyo, ena kudzera m'manja mwa Wenela, amene anayamba kulemba anthu a ku Nyasaland m'caka ca 1903. Koma ophunzira aja ndiwo anakhala makalaliki a m'komboni, akapitao, omasulira mau, othandiza m'zipatala, ndi olembera anzao makalata a kumudzi. Iwo anayambitsa mapemphero ndi sukulu za usiku m'makomboni, kusanafike mbusa ali yense. Kucuruka kwa anthu a ku Nyasa kumeneko ndiko kunacititsa kuti Mbusa Vlok asamukire ku Salisbury, ndiye Harare, m'caka ca 1912, kukaweta iwo. Ena anabwerera kwao ndi njinga ndi makina osokera. Ena sanabwerere konse, nasanduka machona, akazi ndi ana natsala m'midzi yopanda amuna. Sukulu imene inamangidwa kuti ikweze dziko inathandizanso kukonzera maiko a eni anchito abwino.

Koma munthu wophunzira kuwerenga sawerenga cokhaco cimene mphunzitsi wace afuna. Clements Kadalie, Mtonga wa kufupi ndi Bandawe, anatsiriza maphunziro a uphunzitsi ku Khondowe, nacoka kwao m'caka ca 1915, nagwira ukalaliki pa migodi ya Shamva ndi Falcon, nafika ku Cape Town m'caka ca 1918. M'caka ca 1919 anayambitsa cigwirizano ca anchito cochedwa I.C.U., cimene cinaimitsa nchito pa dooko la Cape Town caka comweco, ndipo pofika 1927 cinali ndi anthu ngati 100,000, ambiri a iwo anchito a m'mapulazi. David Kaunda anatumidwa kukalalikira kwa Abemba ku Chinsali, ndipo mwana wace Kenneth anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia m'caka ca 1964. Hastings Kamuzu Banda anayamba kuphunzira m'masukulu a Livingstonia ku Kasungu, nayenda pansi kunka kumwera, nagwira nchito pa mgodi ku Johannesburg, asanapite ku America. Levi Mumba anali mmodzi wa oyambitsa bungwe la North Nyasa Native Association m'caka ca 1912, limene Laws mwini analimbikitsa, poona kuti nkwabwino anthu anene madandaulo ao poyera. Ndipo Mumba yemweyo anakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress m'caka ca 1944.

KUCEDWA KWACE

Mbiri yoona siyamika kokha. Laws anafulumira kupatsa munthu wakuda sowo, buku ndi makina a lamya. Koma anacedwa kumpatsa mpando. Munthu wofuna ubatizo anali kuyesedwa zaka zambiri m'makalasi. Munthu wotsiriza maphunziro a ubusa anali kuyesedwanso zaka zina zambiri, ali pansi pa Azungu acinyamata ongofika kumene, osadziwa ndi cinenero comwe.

Taonani za Charles Domingo. Iye anatengedwa ku Quelimane ndi William Koyi m'caka ca 1881 akali kamwana, nakulira m'nyumba ya Laws mwini. Anali wanzeru koposa, ndiye woyamba kutsiriza maphunziro a ubusa ku Khondowe, nalandira cilolezo ca kulalikira m'caka ca 1903. Anadikira kudzozedwa, osadzozedwa, kufikira anatopa nacoka m'caka ca 1908, nakayambitsa mipingo ndi masukulu ace mwa umphawi waukuru. Taonaninso za Elliot Kamwana, amene anasiya sukulu za Misyoni, nagwira nchito ku migodi ya kumwera, nakomana ndi Joseph Booth ku Cape Town, nabwerera kwao m'caka ca 1908 ndi ciphunzitso ca Watch Tower. Pa miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000, ambiri a iwo otopa ndi kudikira pa khomo la Misyoni, kufikira Boma linamgwira ndi kumcotsa m'dziko m'caka ca 1909.

Abusa oyamba akuda a Livingstonia anadzozedwa m'caka ca 1914, ndiwo Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa. Zinali zitapita zaka 39 cifikire Ilala, ndi zaka 33 cibatizidwire Namalambe. Ndipo ngakhale Mwasi anadzapatuka m'caka ca 1933, nayambitsa mpingo wace, cifukwa ca kusamvana ndi ulamuliro wa Azungu. Laws anakhulupira kuti nyumba yomangidwa mofulumira igwa, ndipo m'menemo munali nzeru ya mmisiri. Koma munthu si njerwa, ali ndi mtima, ndipo mtima wodikira nthawi yaitali uwawa. Sunga khosi mkanda uoneke ndi mau okoma kwa wonena, koma olemera kwa iye amene imvi zamera ali cidikirire.

MASIKU OTSIRIZA

Ulemu unamfika mu ukalamba. M'caka ca 1908 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa msonkhano waukuru wa mpingo wace ku Scotland. Kuyambira 1912 anakhala zaka zingapo m'bwalo lopanga malamulo ku Zomba. M'caka ca 1924 mipingo ya Livingstonia ndi Blantyre inalumikizana nikhala Mpingo umodzi wa C.C.A.P., Laws nakhala mtsogoleri woyamba wa Sinodi yace. A Nkhoma analowamo m'caka ca 1926, ndi a Harare m'caka ca 1965.

Koma analinso ndi zisoni. Mkazi wace Margaret, amene anaphunzitsa asungwana ndi amai zaka 40, anamwalira m'caka ca 1921. Cikhumbo cace cacikuru, cakuti sukulu ya Khondowe ikule ikhale yunivesite, cinakanidwa. Anzace ena a Misyoni anati ndarama zipite ku sukulu za m'midzi ndi ku maphunziro a ulimi, pakuti maphunziro apamwamba angoturutsa anthu onka kunja. Ndipo akuru a ku Scotland anamvera iwo. Mau ao sanali opanda pace, monga taona; koma kucepetsa maphunziro sikunaletse munthu ndi mmodzi yemwe kunka kumwera, kunangomtumiza ali wosadziwa zambiri.

Laws anatsika phiri la Khondowe kotsiriza m'caka ca 1927, ali nkhalamba ya zaka 76. Pa malo pa wobatizidwa mmodzi uja anasiya masukulu oposa 700, Akristu ndi ophunzira za ubatizo ngati 60,000, ndi abusa akuda 13. Anamwalira ku London pa 6 Ogasiti 1934, ali ndi zaka 83, naikidwa kwao ku Aberdeen, pa manda a St Machar. Yunivesite imene anailota inatsegulidwa m'caka ca 2003, zitapita zaka 69 cimwalirire iye, ndipo anaitsegula ndi zidzukulu za anthu aja amene iye anacedwa kuwapatsa mpando. Nyumba yace yamiyala ikalipo, ndipo asungiramo zinthu zakale za Misyoni.

Tsono, abale, munthu uyu timuyese ndi muyeso wolungama. Sanali mngelo, ndipo nchito imene ichedwa ndi dzina lace inasenzedwa ndi ambiri: amtengatenga a pa mathithi, Koyi wogona ku Njuyu, Namalambe, Yuriah Chirwa, ndi aphunzitsi a m'midzi olandira tindarama tocepa. Koma iye anakhala pamene ena anacoka, ndipo anakhulupira, nthawi imene Azungu ambiri anakana, kuti mutu wa mwana wakuda ungathe kusenza maphunziro ali onse. Cimene sanathe ndico kulamulira kumene maphunzirowo adzapita ndi cimene adzanena. Ndipo palibe mphunzitsi angathe kutero.

Iyenso anali munthu wogwira nchito kutali ndi kwao, amene anayamba ndi sukulu ya usiku, manja ali otopa ndi nchito ya usana. Inu amene muturuka m'mgodi kapena m'munda dzuwa litapendeka, ngati pafupi panu pali wina wodziwa kuwerenga, khalani naye pansi akuonetseni. Ngati ndinu odziwa, musamane mnzanu. Ndipo potumiza ndarama kumudzi mwezi uno, patulani ya sukulu ya mwana, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, muichule m'kalata kuti isalowe kwina.